Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: tsegulani njira ya ma phage kwa opsa ndi moto amene zilonda zawo zakana mankhwala

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo ndi Chisamaliro cha Ana, pamodzi ndi inu akuluakulu a bungwe loyang'anira mankhwala la Medicines Control Authority of Zimbabwe (MCAZ) ndi a bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo la Medical Research Council of Zimbabwe,

Ndikukulemberani monga namwino amene anapuma pa ntchito atatha zaka zambiri akutsuka ndi kumanga zilonda za anthu opsa ndi moto m'chipatala china muno mu Harare. Ndinabadwira ku Mufakose kwa makolo ochokera ku Dedza, ndipo ndalemba m'Chichewa chifukwa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amazivomereza, komanso chifukwa ndikufuna kuti amayi anzanga a ku Mbare, ku Dzivarasekwa, ku Tafara ndi ku Epworth aiwerenge kalatayi m'chilankhulo chimene amalirira nacho ana awo. Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi ili: konzani njira yovomerezeka yoti madokotala athu athe kugwiritsa ntchito mavairasi otchedwa bacteriophage, kapena kuti phage mwachidule, pothandiza munthu wopsa amene chilonda chake chagwidwa ndi mabakiteriya osamva maantibayotiki onse amene tili nawo.

Mwezi wa June wa chaka china anatibweretsera mwana wamwamuna wa zaka 4 amene mphika wa phala unamugubuduzikira m'mamawa magetsi atazima, mayi ake akuphika pa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira. Anapsa pachifuwa, pamimba ndi pantchafu imodzi, ndipo masiku oyamba zonse zinkaoneka kuti zikuyenda bwino, moti mwanayo anayambanso kudya. Cha pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, nditamasula bandeji, ndinapeza nsalu ya pachilonda itasanduka yobiriwira, ndipo munatuluka kafungo kotsekemera konyansa, ngati ka chipatso chovunda, kamene namwino aliyense wa m'wodi ya opsa amakadziwa asanaone n'komwe pepala la ku labotale. Chimenecho ndi chizindikiro cha bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa. Tinatenga mafinya n'kutumiza kukapimitsa, ndipo pepala litabwera linali ndi mayina a mankhwala mbali imodzi, pamene mbali inayo panali chilembo cha R kuyambira pamwamba mpaka pansi, kutanthauza kuti bakiteriyayo sakumva mankhwala amenewo. Khungu limene madokotala anachotsa pa ntchafu yabwino n'kuliika pachilonda silinagwire, linasungunuka m'mafinya. Mayi ake, amene ankagona pa benchi panja pa wodi, anandigwira dzanja tsiku lina n'kundifunsa kuti, "A Sisitala, kodi palibenso mankhwala ena amene mungayese?" Ndinawayankha kuti madokotala akuyesetsa, chifukwa ndinalibe yankho lina loti ndiwapatse. Mwanayo anamwalira sabata yachitatu, tizilomboto titalowa m'magazi.

Munthu wopsa kwambiri amene wapulumuka masiku oyamba nthawi zambiri saphedwa ndi motowo, amaphedwa ndi matenda olowa pachilonda, chifukwa khungu ndilo mpanda wa thupi, ndipo likachoka pamatsala mnofu wonyowa, wofunda, umene mabakiteriya amaswanapo mosavuta. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ndi apakatikati. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfazi zinachuluka koposa muno mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Pamene WHO inatulutsa mu 2017 mndandanda wa mabakiteriya ofunika kuwapezera mankhwala atsopano mwachangu, pamwamba penipeni panali Acinetobacter baumannii ndi Pseudomonas aeruginosa osamva mankhwala amphamvu a gulu la carbapenem, ndipo awiriwa ndi omwewo amene timalimbana nawo m'mawodi a opsa. Ife a mu Harare sitikusowa wotiuza za vutoli, popeza kolera amene anabuka ku Glen View ndi ku Budiriro mu 2018 anali wa mtundu wosamva maantibayotiki angapo amene tinkadalira.

Phage ndi vairasi amene amagwira mabakiteriya okha, ndipo sangathe kuswana m'maselo a munthu. Amamatirira pa khoma la bakiteriya, n'kulowetsamo malangizo ake a chibadwa, ndipo bakiteriyayo amayamba kupanga ma phage atsopano mpaka ataphulika, nthawi zambiri ola limodzi lisanathe, ndipo otulukawo amapita kukagwira mabakiteriya ena oyandikana nawo. Motero mankhwalawa amachulukana okha pamalo pamene pali matenda, ndipo mabakiteriya akatha nawonso amatha. Phage aliyense amasankha kwambiri: amene amapha Pseudomonas sakhudza Staphylococcus, ndipo ngakhale pakati pa Pseudomonas yemweyo amapha mitundu ina n'kusiya ina. Ubwino wake ndi wakuti mabakiteriya othandiza a m'matumbo ndi a pakhungu amatsala osakhudzidwa, ndiponso njira zimene bakiteriya amadzitetezera ku maantibayotiki kawirikawiri sizimuteteza kwa phage. Vuto lake ndi lakuti simungathire phage wina aliyense pachilonda chilichonse n'kuyembekezera kuti apola; pamafunika kuyamba mwayesa mu labotale. Kuyesako n'kosavuta kukumvetsa. Katswiri amamwaza bakiteriya wa wodwalayo pa mbale ya labotale, amadontheza ma phage osiyanasiyana pamwamba pake, ndipo m'mawa mwake, pamene mbale yonse yachita mbuu ndi mabakiteriya, pamaoneka timawanga toyera pamene phage woyenera wadya adaniwo.

Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Frederick Twort anaona mavairasiwa ku England mu 1915, Félix d'Hérelle anawafotokoza ku Paris mu 1917 n'kuwapatsa dzina limene ali nalo lero, ndipo mu 1923 George Eliava anakhazikitsa malo ofufuzira ku Tbilisi, m'dziko la Georgia, amene mpaka lero akupanga ma phage ndi kuthandiza odwala. Mayiko a azungu a kumadzulo anaisiya njirayi penicillin atafala m'zaka za m'ma 1940, koma ku Georgia, ku Russia ndi ku Poland sanaitaye, ndipo mumzinda wa Wrocław anatsegula mu 2005 chipinda chothandizira ndi ma phage odwala amene maantibayotiki awalephera. Dziko lonse linatcheranso khutu mu 2016 pamene madokotala a ku San Diego anapulumutsa Tom Patterson, amene anali atakomoka kwa nthawi yaitali ndi Acinetobacter baumannii wosamva mankhwala, pomubaya ma phage mu mtsempha.

Sindikufuna kukunamizani, olemekezeka, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ina imene olimbikitsa ma phage sakonda kuitchula. Kafukufuku wodziwika kwambiri amene anayesa njirayi pa zilonda za moto poyerekeza magulu awiri a odwala, wotchedwa PhagoBurn, anachitika m'zipatala za ku France ndi ku Belgium kuyambira 2015 mpaka 2017, ndipo sanayende monga mmene anthu ankayembekezera. Analembetsa odwala 27 okha. Gulu lina linkathiridwa msakanizo wa ma phage 12 olimbana ndi Pseudomonas aeruginosa, pamene gulu lina linkapakidwa silver sulfadiazine, mafuta oyera aja amene nafenso timapaka tsiku ndi tsiku. Mabakiteriya anachepa m'magulu onse awiri, koma kwa opakidwa mafutawo zinatenga pafupifupi maola 47, pamene kwa othiridwa ma phage zinatenga pafupifupi maola 144. Atafufuza chifukwa chake anapeza kuti msakanizowo unatha mphamvu uli m'mabotolo, moti odwala ankalandira ma phage ochepa kuwirikiza ka 10,000 poyerekeza ndi mlingo umene unakonzedwa, ndiponso mwa odwala amene sanathandizike munali mabakiteriya amene sankamva ma phage ochepawo. Mmene ndikuonera, PhagoBurn sanatsimikize kuti njirayi imagwira ntchito, komanso sanatsimikize kuti ndi yachabe. Chimene anaonetsa poyera n'chakuti msakanizo umodzi wopangidwira kutali, wosungidwa miyezi yambiri, woperekedwa kwa aliyense popanda kuuyesa kaye pa bakiteriya wa wodwala mwiniyo, ndi njira yotayira ndalama ndi nthawi.

Dziko la Belgium linatenga njira ina, ndipo ndi imene ndikupempha kuti muiyang'ane mofatsa. Kuyambira mu 2018 malamulo a kumeneko amalola kuti phage aliyense ayesedwe ndi labotale yovomerezeka n'kupatsidwa chiphaso chonena za chibadwa chake, mphamvu zake ndi kuyera kwake, kenako dokotala amalembera wodwala mmodzi, ndipo katswiri wa mankhwala wa pachipatala amasakaniza ma phage oyenera wodwalayo, monga mmene amasakanizira mankhwala ena apadera. Ntchito yambiri imachitikira pa Queen Astrid Military Hospital ku Brussels, chipatala chimene chili ndi chigawo chachikulu cha opsa ndi moto. Mu 2024 akatswiri a kumeneko anafalitsa m'magazini ya Nature Microbiology zotsatira za odwala 100 otsatizana a matenda ovuta osiyanasiyana, a m'mayiko 12, ndipo anapeza kuti odwala anapezako bwino pa matenda 77 mwa 100 alionse, pamene bakiteriya amene ankalimbana naye anatheratu pa matenda 61 mwa 100 alionse. Panalibe gulu loyerekezera nalo, choncho umboniwu si womaliza, koma munatuluka mfundo imene dokotala aliyense ayenera kuisunga: bakiteriya ankatheratu kawirikawiri pamene ma phage anaperekedwa pamodzi ndi maantibayotiki kusiyana ndi pamene anaperekedwa okha. Phage amabwera kudzathandiza mankhwala amene tili nawo, ndipo salowa m'malo mwa kuchotsa mnofu wakufa, kusamba m'manja, madzi aukhondo m'wodi kapena chakudya chokwanira cha wodwala.

Mwina mudzafunsa kuti dziko limene nthawi zina limasowa ndi mabandeji omwe lingayambe bwanji zinthu zotere. Funsolo n'lomveka, ndipo ine amene ndinaonapo achibale a odwala akutumidwa kukagula thonje ndi mafuta opaka ku mafamase a m'tauni sindingalinyoze. Koma taonani kumene ma phage amapezeka. Amakhala paliponse pamene pali mabakiteriya, m'nthaka, m'mitsinje, makamaka m'madzi a suweji, ndipo ofufuza a mayiko onse amawatunga m'madzi onyansa otuluka m'zipatala ndi m'mizinda. Madzi amene amafika kumalo oyeretsera suweji a ku Firle ndi ku Crowborough, ngakhalenso amene amayenda mu Mukuvisi ndi mu Marimba kulowera ku Chivero, akhala akukumana ndi mabakiteriya a anthu a mu Harare kwa zaka zambiri, ndipo ndi m'madzi otero mmene munthu angayembekezere kupeza ma phage odziwa kupha mitundu imene ikuvutitsa odwala athu. Mmodzi mwa ma phage atatu amene anathandiza mtsikana wina wa zaka 15 ku Great Ormond Street Hospital ku London, nkhani imene inafalitsidwa mu 2019, anatoledwa ndi wophunzira wina ku Durban, pansi pa biringanya lovunda. Ngati phage wa ku Durban anawoloka nyanja kukathandiza mwana ku London, palibe chifukwa choti mwana wa ku Epworth adikire mankhwala ochokera ku Ulaya amene mwina sangagwirizane n'komwe ndi bakiteriya wake. Kupeza phage ndi kumuyesa pa mbale kumafuna zipangizo zimene labotale iliyonse yopima mabakiteriya ili nazo kale, ndipo achinyamata a sayansi a ku Uganda, ku Kenya ndi mayiko ena a mu Africa aphunzitsidwa kale ntchitoyi.

Chodula ndi chovuta chimabwera pambuyo pake, ndipo apa ndi pamene pakufunika inu a MCAZ. Si phage aliyense amene ali woyenera kuthira pa munthu. Alipo ena amene saphulitsa bakiteriya koma amabisala m'chibadwa chake, ndipo otere amatha kunyamula malangizo opangira poizoni kapena okanira mankhwala kuchoka kwa bakiteriya wina kupita kwa wina. Poizoni amene amachititsa munthu wa kolera kutsegula m'mimba ngati madzi a mpunga amachokera kwa phage wa mtundu wobisalawu amene analowa mu bakiteriya wa kolera. N'chifukwa chake phage aliyense ayenera kuwerengedwa chibadwa chake chonse asanafike pafupi ndi wodwala. Chinanso n'chakuti ma phage amaswetsedwa m'mabakiteriya, ndipo zidutswa za mabakiteriya ophulikawo zili ndi poizoni amene angatenthetse thupi ndi kugwetsa kuthamanga kwa magazi, makamaka kwa munthu wopsa amene chilonda chake chimayamwa chilichonse chothiridwapo, choncho madziwo ayenera kusefedwa bwino ndi kuyesedwa. Mphamvu ya botolo lililonse iyenera kupimidwa kawirikawiri, ndipo furiji yosungiramo iyenera kukhala ndi magetsi osazima, kuti tisabwereze zimene zinachitika ku PhagoBurn. Anamwino nawo ayenera kuuzidwa kuti ena mwa mankhwala otsukira ndi opaka pa zilonda amapha ma phage, ndipo mabakiteriya amathanso kuphunzira kukana phage, kotero mafinya ayenera kupimidwa mobwerezabwereza chithandizo chili m'kati.

Ndikutchula zoopsazi chifukwa cha mantha amene ndili nawo. Nkhani ya ma phage yafala kale pa intaneti, ndipo m'dziko limene anthu osimidwa amagula maantibayotiki pamsika popanda kalata ya dokotala, sipatenga nthawi kuti wina ayambe kugulitsa timabotolo ta madzi osadziwika n'kumati ndi ma phage ochokera kunja. Ndinalandirapo ana amene zilonda zawo zinapakidwa mazira aawisi, mankhwala otsukira mano, ngakhale oilo wa galimoto, ndi makolo amene ankawakonda ndi mtima wonse koma analibe wowauza zoona. Boma likakhala chete, malowo adzatengedwa ndi akathyali. Bungwe la MCAZ linazindikiridwa ndi WHO mu 2024 kuti lafika pa mlingo wachitatu wa kukhwima pa ntchito yoyang'anira mankhwala, mlingo umene mabungwe ochepa okha a mu Africa aufikira, ndipo ndikukhulupirira kuti luso lolemba malamulo a nkhaniyi lilipo.

Chimene ndikupempha choyamba ndi chakuti MCAZ ilembe ndondomeko yonena momveka kuti phage adzatengedwa ngati mankhwala a mtundu wanji, ndani angamupange, ayesedwe motani, ndipo dokotala amene wodwala wake watheredwa njira zonse apemphe chilolezo kwa yani. Chilolezocho chizituluka m'masiku owerengeka, chifukwa mwana amene tizilombo tayamba kulowa m'magazi mwake sangadikire komiti imene imakumana kamodzi pa miyezi itatu. Chikalata cha Helsinki, chimene chimatsogolera madokotala pa nkhani za kafukufuku, chimalola kale kuyesa chithandizo chosatsimikizika kwa wodwala amene njira zodziwika zamulephera, malinga ngati akatswiri afunsidwa, mwiniwake kapena womuyang'anira wavomera atamvetsa, ndipo zotsatira zake zalembedwa. Ndondomeko yomweyo iloleze kuitanitsa ma phage kuchokera kumalo odalirika monga ku Brussels kapena ku Tbilisi pamene athu sanakonzeke, ndiponso kutumiza bakiteriya wa wodwala kunja kuti akayesedwe.

Kwa inu a Unduna, ndikupempha kuti National Microbiology Reference Laboratory, pamodzi ndi University of Zimbabwe, apatsidwe udindo ndi ndalama zosonkhanitsira mabakiteriya osamva mankhwala ochokera m'mawodi a opsa a zipatala zazikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe kuno, ndi Mpilo ku Bulawayo, kenako n'kuyamba nkhokwe ya ma phage a kuno kwathu olimbana ndi mabakiteriyawo. Ntchito imeneyi ikhoza kuyamba chaka chino popanda kukhudza wodwala aliyense, ndipo ngakhale itapanda kufika pa chithandizo, idzatisiyira chidziwitso cha mitundu ya mabakiteriya imene ikuzungulira m'zipatala zathu, chimene dongosolo la dziko lino lolimbana ndi kusamva mankhwala, loyamba mu 2017, limafuna kale. Koma zonsezi zimayambira pa kupima mafinya. Ngati wodwala wosauka akulephera kulipira kupimitsa, kapena zotsatira zikubwera patatha sabata, ndiye kuti palibe phage amene angasankhidwe pa nthawi yake. Ndikupempha kuti kupima mafinya a munthu aliyense wogonekedwa chifukwa cha kupsa kukhale kwaulere, potsatira ndime 76 ya malamulo aakulu imene imapatsa nzika ufulu wa chithandizo cha zaumoyo.

Kwa inu a Medical Research Council, pempho langa ndi lakuti wodwala aliyense amene adzalandire ma phage alembedwe m'kaundula mmodzi, wochira ndi womwalira yemwe, ndi mlingo umene analandira, bakiteriya amene anali naye ndi mankhwala ena amene anapatsidwa, kuti patapita zaka tidzakhale ndi umboni wathuwathu wokonzera kafukufuku weniweni woyerekeza magulu. Mapepala opemphera chilolezo kwa makolo alembedwe m'Chishona, m'Chindebele, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za dziko lino, ndipo anene mosabisa kuti chithandizochi chikadali choyesedwa ndipo mwina sichingathandize. Mayi amene mwana wake ali pakati pa moyo ndi imfa adzasaina pepala lililonse limene mungamupatse, ndipo chifukwa cha chimenecho ayenera kukhala ndi munthu womufotokozera m'chilankhulo chake, modekha, asanagwire cholembera.

Ndikupempha kuti mayankho anu pa mfundozi aperekedwe poyera nyengo yozizira ikubwerayi isanafike, pamene mbaula ndi masitovu a parafini zimalowanso m'nyumba ndipo mabedi a m'mawodi a opsa amadzaza ndi ana. Ngati mudzaitanitsa msonkhano wa akatswiri pa nkhaniyi, muitanenso anamwino amene amamasula mabandeji m'mawa uliwonse, chifukwa ndiwo adzathire ma phage pachilonda ndi kuona ngati nsalu yasiya kubiriwira. Ine ndidzabwera ndikaitanidwa.

Ine wanu modzichepetsa,

Namwino wopuma pa ntchito
Mufakose, Harare